Nkhumba Yathunthu m'Balani la Abambo

Nkhumba ija ndinaiweta ndine. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu a kwathu ku Lukwa akamaikamba nkhaniyi masiku ano amati "nkhumba ya achimwene ako ija", ngati kuti achimwenewo anainyamulirapo ndowa ya gaga ngakhale tsiku limodzi. Ndinaitenga ili kamwana kokwana m'manja. Ndinaidyetsa gaga, kholowa ndi mango akugwa okha, ndipo tsiku limene inathyola khola n'kukafukula mbatata za eni, ndine ndinakagwada kukapepesa. Amayi anali ataneneratu kuti idzaphedwa pa Khirisimasi.

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, anafika kuchokera ku Joni sabata ya Khirisimasi yomweyo, atatha zaka zambiri osaponda pamudzi. Abambo anadwala iwo kulibe. Anamwalira, tinawaika, tinameta, iwo kulibe. Ankatiuza pafoni kuti mapepala awo sanali bwino, ndipo akatuluka m'dzikomo sadzawalolanso kulowa. Mwina zinali zoona. Ine ndinali nditabwerera pakhomo banja litatha, choncho za matenda ndi za maliro zonse zinadutsa m'manja mwanga ndi mwa amayi. Sindibisa, mtima wanga unali ndi mkwiyo ndi achimwenewo, ndipo ndinali nditakonzeka kuonerera amayi akuwasambitsa chokweza.

Koma amayi sanalire, sanakalipe. Anawatulutsira mpando wa alendo, anawaphera nkhuku, anawapatsa madzi osamba m'manja atagwada, n'kumawafunsa za ulendo ngati kuti ndi mlaliki wobwera kudzacheza. Za abambo sanatchule. Achimwene nawonso sanatchule, ndipo sanapemphe kuti wina awaperekeze kukaona manda. Ankangokhala pakhonde ndi foni m'manja, anthu akamadutsa n'kupereka moni iwo n'kumayankha kuti "Zikomo, zikomo", osafunsa za ana, osatchula munthu mfunda wake. Ine ndinkayang'ana amayi, n'kuyang'ana achimwene, osamvetsa kuti awiriwa akusewera masewera anji.

Kwathu chiweto chikaphedwa pa chikondwerero sichikhala cha nyumba imodzi. Abambo ankayala masamba a nthochi pansi pa mtengo wa mango, n'kukhala pa kampando ndi mpeni wawo wa chigwiriro chokulungidwa ndi mphira, n'kumadula uku akutchula: mutu kwa amalume, mwendo uwu kwa auje, nthiti izi kwa auje. Nyama inkapita yaiwisi, m'mbale yovundikira ndi inzake, kuti aliyense akaphike momwe akufunira kwawo. Anzathu nawonso akapha mbuzi kapena nkhuku, mbale yawo imabwera kwathu, ndipo mbaleyo sibwerera yopanda kanthu. Chiwindi chokha ndicho sichinkayenda. Chinali cha wodula. Abambo ankachiwotcha pamakala, n'kumadya ndi mchere ndi tsabola, ife tikawayang'anitsitsa n'kutibenthulirako. Atamwalira, ntchito yodula inapita kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, ndipo chiwindicho ankachidya okha mopanda ndi manyazi omwe.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ikwane, tili pakhonde tonse, achimwene anangoti, "Nkhumba iyi tisaidule. Tiiwotcha yathunthu."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Yathunthu bwanji, achimwene? Ndi mutu womwe?"

"Ndi mutu womwe, ndi miyendo yomwe. Taonani apa."

Anationetsa pafoni. Inali nkhumba yobayidwa ndi chitsulo kuchokera kukamwa mpaka kumchira, ikuzungulira pamwamba pa moto, yofiira psuu ngati njerwa yowotcha, azungu ovala makabudula ataizungulira ndi matambula m'manja. Achimwene anati kwa abwana awo ku Joni amachita zimenezo chaka ndi chaka, ndipo nyama yake imangosungunuka m'kamwa.

"Nanga mbale za anthu?" ndinafunsa.

"Anthu abwere adzadyere pompano. Aliyense azidzidulira yekha pamene akufuna."

Ndinatembenukira kwa amayi, ndikudziwa kuti apa ndiye alankhula. Iwo anali kusankha mpunga m'lichero, ndipo sanadzutse ndi mutu womwe. "Nkhumba ndi yanu, bambo. Chitani monga munaonera kumene mwachokerako."

Makutu anga anatentha. Nkhumba ndi yawo! Ine amene ndinathera zikhadabo m'gaga ndinali pompo, koma nkhumba ndi yawo. Amalume, amene anali kupichira fodya wawo pa kapepala chapatali pang'ono, anaseka mpaka kutsokomola. "Asiyeni, asiyeni. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa." Ndinaona nkhope ya achimwene ikusintha atamva mawu akuti mlendo. Ananyamuka kukafuna khasu.

Masana onsewo anakumba dzenje kuseri kwa khitchini, lalitali ngati manda a mwana, ndipo ine zimenezo sizinandisangalatse. Anakapeza chitsulo cha ngolo yakale, anachikwecha ndi mchenga, anazika mitengo ya mphanda uku ndi uku. Anatuma uthenga kwa oyandikana nawo kuti mawa akatuluka ku tchalitchi abwere kwathu. Ndiye madzulo kunagwa mvula ya Disembala, ija imene anthu amaiyamikira chifukwa fodya wowoka kumene amagwira bwino. Kutacha, dzenje lija linali chitsime, achule akusambiramo, ndipo nkhuni zonse zimene anaunjika pambali pake zinali zitanyowa.

Nkhumba inali itaphedwa kale m'bandakucha. Anyamata anali ataiwawula ndi udzu, kuipala n'kuitumbula, ndipo inali gone pa chitseko chakale, yoyera mbee, ikudikira. Achimwene anaima pa dzenje manja ali m'chiuno. Ine mumtima ndinati zikomo Ambuye, nkhani yatha, tengani mpeni tidule ngati anthu. Koma amalume, amene mpaka pamenepo ankangoseka, ndi amene anatisokoneza.

"Bwanji m'balani?"

Balani la abambo likadalipo mpaka lero kuseri kwa nkhokwe, lalitali, la njerwa, lopanda mawindo. Kale abambo ankalima fodya wowotcha. Moto unkasonkhedwa panja, m'ng'anjo, kutentha n'kumayenda m'mapaipi okhala pansi m'katimo, fodya atapachikidwa m'mwamba pa mikangala mpaka kuuma. Nkhuni zitavuta tinasiya fodya ameneyo n'kuyamba soya, ndipo balani linasanduka mosungira makasu, matumba ndi nkhuni zouma zophikira m'dzinja. Amalume pa unyamata wawo anagwirapo ntchito yosonkha mabalani m'maesiteti, ndipo ankainyadira ntchitoyo kuposa momwe aphunzitsi amanyadira choko.

"Mvula siilowamo," anatero. "Nkhuni zouma zili momwemo. Ndiye moto umene umaumitsa fodya wodzaza balani lonse ungalephere nkhumba imodzi?"

Ndikunena zoona, zinamveka zanzeru. Ngakhale ine ndinasowa potsutsa. Ndinakafunsa amayi m'khitchini ngati akuvomereza kuti nkhumba ilowe m'balani la abambo, iwo n'kungoti, "Ndamva," n'kupitiriza kutsuka matumbo. Kuti ndamva ndiye kuti eya kapena ayi? Ndinatuluka mutu ukuzungulira.

Tisanayambe kunyamula, amalume anayambitsa mlandu wina. Chiwindi chinali chitasowa. Anafufuza m'beseni la zam'kati, anafunsa anyamata amene anatumbula, anyamatawo analumbira kuti anachiika pamwamba penipeni. Amalume anati ngakhale nkhumba isadulidwe, chiwindi ndi chawo, chifukwa zaka zonsezi akhala akudula ndi iwo. Mapeto ake anagenda galu wathu, amene anathawa akulira, ndipo ine ndinamumvera chisoni chifukwa kukamwa kwake kunalibe ndi magazi omwe.

Anaimanga nkhumba ndi waya pa chitsulo chija, n'kuipachika pa mitanda ya pansi, pamwamba pa mapaipi. Anatseka chitseko, amalume n'kumata m'mphepete ndi matope monga amachitira ndi fodya. Atayatsa ng'anjo anaikamo zikuni ziwiri zokha.

"Onjezerani nkhuni, amalume," achimwene anatero.

"Ayi. Moto wa m'balani umayamba pang'onopang'ono. Ukathamangira, tsamba limapsa likadali lobiriwira. Choyamba ichite kaye chikasu."

"Amalume, iyi ndi nkhumba, si tsamba."

"Nkhumba ilibe madzi m'thupi? Madziwo ayambe atuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wa mlongo wanga."

Ndinayembekeza kuti achimwene, eni nzeruyi, afotokoza momwe zimachitikira. Ndinawafunsa kuti kwa abwana awo inkatenga nthawi yaitali bwanji kuti ipse. Anakanda kumutu. Anati kumeneko kunali makina a gasi, ongodina, ndiponso kunkabwera munthu wake wa ntchitoyo. Ndinafunsa kuti nanga iwo ankachita chiyani. Anati ankalozera alendo poimika magalimoto. Ndinayang'ana kumwamba. Ndiye kuti pa anthu awiri amene ankawotcha nkhumba yanga, mmodzi ankadziwa fodya, winayo ankadziwa magalimoto.

Ine ndi amayi tinapita ku tchalitchi. Ulaliki wa tsiku limenelo sindinaumve, musandifunse. Amayi a kumvano amene anakhala pafupi nane ankandinong'oneza mosinthana. Wina anafunsa ngati ndi zoona kuti tikuumitsa nkhumba m'balani ngati fodya. Wina anafunsa ngati tidzaipititsa ku okushoni. Wina, mwachisoni ndithu, anafunsa ngati achimwene analowa mpingo wina kumene anali, woletsa kudula nyama. Ndinkangoyankha kuti sindikudziwa, ndipo sindinkanama. Amayi anaimba nyimbo zonse mokweza ngati munthu wopanda vuto lililonse pakhomo pake.

Titabwerera tinapeza mbale zayamba kufika. Kwa a pachitsime anapha mbuzi, anatumiza nthuli zabwino. Kwa akulu ampingo kunachokera ntchafu ya nkhuku. Mbale zinkabwera zovundikira, zomangidwa m'nsalu, ndipo wobweretsa aliyense ankaima pang'ono kudikira, monga mwa nthawi zonse. Amayi ankakhuthula nyamayo mumphika, n'kutsuka mbale, n'kunena kuti, "Isiyeni mbaleyi, tibweza." Kenako ankaiika pakhonde pambali pa inzake. Sanazibise m'nyumba ayi. Anazindandalika poyera, pamene aliyense wodutsa angazione, mbale za eni zopanda kanthu, pakhomo pamene panaphedwa nkhumba. Ine ndinkafuna nthaka itang'ambika ndilowemo.

Oitanidwa aja anabweradi, ndi ena osaitanidwa. Anakhala m'chigafa, pansi pa denga la udzu pamene timayanika fodya wa bale, popeza kunja kunali kukuwazawaza. Tinawapatsa thobwa. Anamwa, anacheza za feteleza ndi za mbozi m'chimanga, maso ali ku balani. Dzuwa litapendeka, mmodzi wa akuluakulu anatsokomola n'kufunsa ngati zingatheke kuti tingosuzumiramo.

Amalume anagumula matope aja monyadira, n'kutsegula. Munatuluka mpweya wofunda, wonunkha fodya wakale ndi mafuta. Nkhumba inali lendee pa chitsulo chake, ikutuluka thukuta ngati munthu wa malungo, khungu lake litasanduka lachikasu.

"Mwauona mtunduwo?" amalume anatero akutembenukira kwa anthu. "Uwu ndi giledi yoyamba."

Achimwene anatenga mpeni wa m'khitchini n'kubaya pantchafu. Panatuluka magazi. Anabaya paphewa, magazi. Wina kumbuyo anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Sonkhani moto, amalume! Ikani nkhuni zonse!" achimwene anakuwa.

Apa amalume anasiya nthabwala. Analoza mafuta amene ankadontha pa paipi, akuchita utsi pang'ono. Anati balani limapsa ndi tsamba limodzi louma logwera pa paipi yotentha, nanga mafuta a nkhumba yonse? Iwo sangawotche balani la alamu awo pa tsiku la Khirisimasi. Achimwene anati ndiye ipsa liti. Amalume anati fodya amatenga sabata. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, ndinafunanso kumenya munthu, koma sindinadziwe kuti ndiyambe ndi uti. Moto sungawonjezedwe, nkhumba singapse ndi moto umene ulipo, ndipo palibe amene ankanena mawu oti itsitsidwe.

Anthu anayamba kutsanzika mwaulemu, mmodzimmodzi. Wina anati akukaona mbuzi, wina anati wasiya mwana akudwala mutu. Podutsa pakhonde aliyense ankaponya diso pa mbale yake, koma palibe anaitenga.

Ndinawapeza achimwene kuseri kwa balani atakhala pa chikuni, mutu uli m'manja. Mawu amene ndinawasunga zaka zonse zija anatuluka okha. Ndinawauza kuti anatisiya tokha pa matenda, anatisiya tokha pa maliro, ndipo abwera lero kudzatisandutsa choseketsa cha mudzi. Ndinawafunsa kuti chavuta ndi chiyani kuti asangodula nyama ngati mwana wa munthu.

Sanandikalipire. Anayankha motsitsa mawu, osandiyang'ana. "Tsiku limene ndinafika, amalume anandiuza kuti chaka chino mpeni ndi wanga, poti mwana wa mwini khomo wabwera. Ndidule ndipatse ndani, mlongo wanga? Anthu awa sindikuwadziwa. Amene ndinkawadziwa sindikuwaona, ndipo ndikuopa kufunsa kuti ali kuti. Dzana ndinapatsa moni mayi wina n'kumufunsa za amuna ake, iye n'kungondiyang'ana. Ndikhale pa mpando wa abambo, anthu akundionerera, ndizitchula mayina a anthu akufa?"

Ndinabwera ndi mkwiyo wodzaza dengu, ndipo ndinalibe poutula. Ndinaima pompo ngati chitsa, ndikumva mafuta akulira pa paipi m'kati mwa khoma.

Posakhalitsa pakhomo panafika mayi wina wamasiye, mnzawo wa amayi wa kalekale, wokhala kumapeto kwa mudzi. Iye analibe chiweto choti aphe, ndipo chaka chilichonse ndiwo zake za Khirisimasi zinkachokera kwathu. Sanabwere kudzaonerera za m'balani. Anakhala pansi pafupi ndi amayi, anapereka moni, anacheza za mvula. Kenako anati, mwamanyazi, "Ndimati ndifunse, anzanga, kapena amene munamutuma wasochera? Mpunga ndaphula kalekale, adzukulu anga akungondiyang'ana."

Ndinali nditazungulira kale kubwera pakhonde, ndipo ndinaona amayi akutseka maso. Anamuuza mnzawoyo kuti apite, mbale ikumutsatira. Atachoka, amayi anaimirira, anamanga chitenje m'chiuno mwamphamvu monga amachitira popita kudimba, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi mpeni wa abambo.

"Iwe!" anakuwa ali pakati pa bwalo. Mawu amenewo ndinali ndisanawamve chifikire achimwene. "Tuluka kuseriko! Tsitsa nkhumbayo msanga. Wandichititsa manyazi mokwana, mwana wopanda nzeru iwe. Ndakusiya kuti ndione pamene ukathere, ndipo ndaona."

Achimwene anatulukira akuthamanga ngati kamnyamata kogwidwa kakuba nzimbe. Ndipo chimene chinandidabwitsa, nkhope yawo inaoneka yopepukidwa. Anaitsitsa nkhumba ndi amalume, akupsa zala ndi waya. Ine ndinathamangira kukadula masamba a nthochi. Amayi anakoka kampando ka abambo n'kukaika pansi pa mtengo wa mango.

"Khala apa."

"Amayi, sindikudziwa kuti..."

"Ndati khala. Ine ndizitchula, iwe uzidula."

Nyama inali yofunda, yoterera ndi mafuta, kunja kouma pang'ono, m'kati yaiwisi. Achimwene anagwira mpeni ngati cholembera. Amayi anawamenya padzanja, n'kuwaonetsa pamene mfundo ya mwendo ili.

"Mwendo uwu ndi wa a pachitsime aja. Ndi amene anamanga ng'ombe pangolo kutenga bambo ako kupita nawo kuchipatala, mvula ikugwa, msewu utaduka. Dula bwino."

Achimwene anadula.

"Nthiti izi ugawe panayi. Ndi za anyamata amene anakumba manda. Anakumana ndi mwala, anasinthana mpaka manja kutuluka matuza."

Anadula.

"Apa pa msana pofewa, ndi pa mnzanga wabwera posachedwayu. Alibe mano. Anagona nane pamphasa mwezi wathunthu titaika maliro, poti ndinkaopa kugona ndekha. Umuikire yambiri."

Amayi sankalira. Ankalankhula ngati akuwerengera nkhuku zolowa m'khola. Anatchula amene anapereka matabwa a bokosi, amene anabweretsa ufa pa siwa, amene anasambitsa thupi, amene anatilimira munda chaka chimenecho ife tili pa chisoni. Anatchulanso amene anamwalira pambuyo pake, n'kunena kuti gawo lawo tsopano limapita kwa yani. Zonse zimene sanawauze achimwene chifikire, zimene ine ndinkadikira kuti awalalatire nazo, anawauza pamenepo, nthuli ndi nthuli. Achimwene ankadula misozi ikugwera pa masamba a nthochi, ndipo sankatha kuipukuta chifukwa manja onse anali mafuta. Amayi akaona kuti nthuli yakhota, ankawakalipira pomwepo.

Ine ndinkabweretsa mbale za pakhonde zija imodziimodzi. Zitatha tinatenga zathu. Ndinayamba kumanga nsalu kuti ndinyamule monga mwa masiku onse, koma amayi anandiletsa. "Anyamula yekha. Iwe uzingomulozera makomo."

Tinayamba ndi kwa mayi wamasiye uja. Ine ndinkatsogola, ndikafika pafupi ndi nyumba n'kunong'ona kuti muno ndi mwa auje, amuna awo anatisiya, mwana wawo wamkulu ndi uja munkasaka naye mbewa. Achimwene ankaodira, ankagwada, n'kupereka mbale ndi manja awiri. Pakhomo lililonse ankayamba ndi mawu omwewo: "Ndamva zimene munawachitira abambo anga." Ena ankawagwira dzanja nthawi yaitali. Gogo wina anawatukwana kaye bwinobwino asanalandire. Bambo wa pachitsime ananunkhiza nyamayo n'kunena kuti chaka chino sagula fodya wosuta, azingotafuna khungu la nkhumba yathu. Tinabwerera kunyumba kangapo kukatenga mbale zina, mapazi atalemera ndi matope.

Titamaliza dzuwa linali likulowa. Pansi pa mtengo panatsala masamba a nthochi, mafupa ochepa, ndi mutu umene amalume anali ataukulunga kale. Achimwene anayang'ana pamenepo n'kufunsa kuti, "Nanga ife tidya chiyani?" Ndinawalozera mphika umene unkawira m'khitchini, wa mbuzi ya eni ndi nkhuku ya eni, zimene zinabwera m'mbale zija. Nkhumba imene ndinaiweta chaka chonse inali itapita m'makomo, ndipo ndinadabwa kupeza kuti sizikundiwawa.

Tinakhala pafupi ndi ng'anjo ya balani kuwotha makala amene anatsala, poti kunali kutazizira. Amayi anabwera ndi kamphika kovundikira, n'kukaika pamiyendo pa achimwene. Atavundukula, munali chiwindi, chothira kale mchere.

Amalume anadzuka. "Mlongo wanga! Ndagenda galu wosalakwa chifukwa cha iwe?"

"Chiwindi ndi cha wodula," amayi anatero. "M'mawa muja pakhomo pano panalibe wodula."

Mpaka lero sindidziwa ngati amayi ankadziwiratu kuti nkhumba siipsa, kapena anangochibisa chiwindicho mwa chiyembekezo chabe. Ndinawafunsapo kamodzi, iwo n'kundiyankha kuti ndikatunge madzi. Sindidziwanso ngati amalume anatchula za balani mwadala, kapena ankakhulupiriradi kuti nkhumba ndi tsamba lalikulu. Onse awiri sanafune kundithandiza pa zimenezi.

Achimwene anakoka makala ndi kamtengo, anaika chiwindi pamwamba, n'kumachitembenuza mosamala. Chitapsa anadulako n'kudya, amayi akuwayang'ana. Ine ndinali nditakhala pambali, ndipo ndikuganiza kuti ndinkayang'anitsitsa monga ndinkachitira kale ndili mwana, chifukwa anabenthula kachidutswa n'kundipatsa. Ndikutafuna, anandiyandikira.

"Mawa m'mawa undilozerenso khomo limodzi latsala," anatero. "Ndikufuna ndikaodire kwa abambo."